Dry needling: singano yopanda mankhwala ndi zimene kafukufuku wapeza

[Pa tebulo pali singano ziwiri. Kamera iyandikire.]

Taonani singano ziwirizi. Iyi ndi ya jakisoni, ili ndi boo m'kati modutsa mankhwala. Inayi ilibe boo. Ndi kawaya chabe ka chitsulo chosachita dzimbiri, konenepa mamilimita 0.25 kapena 0.30. Ndiyo imene madokotala a mafizo amabaya nayo mnofu wopweteka pa chithandizo chotchedwa dry needling, ndipo m'thupi simulowa mankhwala alionse. Singano zake ndi zomwe zija za acupuncture, koma maganizo ake ndi ena: apa sakutsata njira za mphamvu za m'chikhalidwe cha ku China, akusaka malo olimba mu mnofu weniweniwo.

Nkhani ya timfundo ta m'minofu inatchuka ndi Janet Travell, yemwe anali dokotala wa Pulezidenti John F. Kennedy. Iye ndi David Simons anatulutsa buku lawo lalikulu la timfundoti, totchedwa ma trigger point, mu 1983. Travell ankabaya timfundoto ndi jakisoni wa procaine, mankhwala ochititsa dzanzi. Koma mu 1979 Karel Lewit wa ku Czechoslovakia anali atalemba kale kuti chochotsa ululu ndi kubayako, osati mankhwalawo. Pa odwala 241, anabaya malo 312 ndi singano youma, ndipo pa malo pafupifupi 87 mwa 100 alionse ululu unati zii nthawi yomweyo. Chiwerengero chokongola, komatu panalibe gulu lina loyerekezera nalo. Mfundo imeneyi muisunge, tiifuna kutsogoloku.

[Chithunzi cha mnofu wa pakati pa khosi ndi phewa.]

Trigger point ndi kamfundo kopezeka pa kachingwe kolimba gwa m'kati mwa mnofu. Mukakadina, ululu umathamangira kwina. Kamfundo ka mu trapezius wapamwamba, mnofu wa pakati pa khosi ndi phewa, kamatumiza ululu m'mbali mwa khosi, kuseri kwa khutu mpaka m'mbali mwa mutu pafupi ndi diso. Ka mu infraspinatus, mnofu wa pa fupa lakuseri kwa phewa, kamamveka kutsogolo kwa phewa, mwakuti wodwala amaloza pamene palibe vuto. Malongosoledwe otchuka amati pamene mtsempha wa uthenga umakumana ndi mnofu pamatuluka acetylcholine wochuluka, chinthu chimene chimauza mnofu kuti ukungike, timinofu n'kukungika osamasuka, n'kufinya timitsempha ta magazi, mpweya n'kuchepa. Mu 2005 Jay Shah ndi anzake ku NIH, bungwe la boma la kafukufuku wa zaumoyo ku America, anatapa timadzi m'timfundo ta trapezius. Anapezamo asidi wochuluka komanso substance P, CGRP ndi bradykinin, zinthu zodzutsa ululu. Mnofu utabayidwa n'kudumpha, substance P ndi CGRP zinatsika.

Koma si onse amavomereza. Kuunika kwa Lucas ndi anzake kwa mu 2009 kunasonyeza kuti akatswiri awiri akapapasa munthu mmodzi, kawirikawiri sagwirizana pamene pali kamfundo. Mu 2015 Quintner, Bove ndi Cohen anafika potsutsa chiphunzitso chonse cha ma trigger point. Ndiye kuti singano ikhoza kumathandiza ndithu, pamene chifukwa chimene timapereka n'cholakwika.

[Manja ovala magulovu, chidole chophunzitsira chagonekedwa chafufumimba.]

Kabayidwe kake ndi aka. Wodwala agone, asakhale pampando, chifukwa ena amachita chizungulire n'kukomoka. Asanabayidwe, dokotala ayeze chinthu chimodzi chooneka: khosi likutembenuka madigiri angati, mkono ukukwera mpaka pati. Khungu lipukutidwe, singano ikhale yatsopano yotsegulidwa pomwepo. Utali wake umatengera mnofu: mamilimita 30 mpaka 40 pa khosi ndi mkono, 60 mpaka 100 pa thako. Pa trapezius, dokotala amatsina mnofu n'kuukweza kuti utalikirane ndi nthiti, ndipo singano imalozetsedwa ku chala chake cha mbali inayo, osati kunsi. Singano imakhala m'kapaipi ka pulasitiki. Akaigogoda pamwamba imaboola khungu msanga, kapaipi n'kuchotsedwa.

Kuchokera apa njira zimasiyana. Ya Chang-Zern Hong ndi yolowetsa ndi kukweza singano mofulumira osaitulutsa pakhungu, uku akusintha kolozera pang'onopang'ono. Ena amaisiya m'malo kwa mphindi 10 mpaka 20, nthawi zina atailumikiza ku kamakina ka magetsi ochepa. Peter Baldry wa ku Britain ankangolowetsa mamilimita 5 mpaka 10 kwa masekondi 30, osafika n'komwe pa kamfundo. Singano ikatuluka, pabalapo padinidwe ndi thonje kwa kanthawi, singano itayidwe m'chigubu cha zobaya, kenako muyeso uja ubwerezedwe.

Singano ikagunda kachingwe kaja, mnofu umadumpha ngati wadzidzimuka. Mu 1994 Hong analemba kuti popanda kudumphaku phindu limachepa, ndipo kwa zaka zambiri ophunzira ankauzidwa kuti azibaya mpaka mnofu utasiya kudumpha. Mu 2017 Perreault, Dunning ndi Butts anaunikanso kafukufuku amene analipo. Sanapeze kuti kudumphako kumayendera limodzi ndi kuchepa kwa ululu, koma anapeza kuti kubaya mobwerezabwereza kumawonjezera kuwawa kwa pambuyo pake. Pa mbewa, Domingo ndi anzake mu 2013 anaona kuti kubaya ka 15 kumavulazadi timinofu ndi timitsempha: timitsempha tinalumikizananso pa masiku atatu, mnofu unapola patatha sabata. Kwa ife izi zikutanthauza kuti kusaka kudumpha kwa khumi pamene kwachiwiri kwachitika kale n'kungozunza munthu.

[Pa sikirini: mzere wa nthawi, kuyambira tsiku loyamba mpaka miyezi 12.]

Nanga zimathandizadi? Mu 2017 Gattie, Cleland ndi Snodgrass anaphatikiza kafukufuku 13 wa dry needling yochitidwa ndi madokotala a mafizo. Kuyambira tsiku lobayidwa mpaka masabata 12, ululu unachepa kuposa pa amene sanalandire kanthu kapena amene anabayidwa monamizira, kutanthauza kuti anangoyerekeza kuwabaya. Umboniwo unali wofooka kwambiri m'malo ena, wapakatikati m'malo ena. Pa miyezi 6 mpaka 12, umboni wa phindu lokhalitsa panalibe. Mu 2020 Navarro-Santana ndi anzake anaphatikiza kafukufuku 28 wa ululu wa khosi, n'kupeza chithunzi chomwecho: phindu la kanthawi kochepa.

Kenako mu 2021 Gattie yemweyo anafunsa funso limene wodwala weniweni amafunsa. Ngati ndikuchita kale mafizo ndi kuwongoledwa ndi manja, singano ikuwonjezera chiyani? Anatenga akuluakulu 77 odwala khosi. Onse analandira chithandizo cha manja ndi mafizo maulendo 7 pa masabata anayi. Ena anabayidwa zenizeni, ena monamizira. Anawatsatira chaka chathunthu. Magulu onse awiri anapeza bwino, ndipo kusiyana panalibe.

Pa phewa nkhani ndi yosakanikira, ndipo kafukufuku onse awiri ndi a ku Spain, a chaka chimodzi cha 2017. Pérez-Palomares, pa odwala 120, sanapeze phindu looneka powonjezera singano pa mafizo. Arias-Buría, pa odwala 50, anawonjezera singano maulendo awiri okha: ululu unatsika mofanana m'magulu onse, koma obayidwa ankagwiritsa bwino ntchito mkono mpaka miyezi 12.

Chidendene ndiye chili ndi mbiri yosangalatsa. Ku Australia mu 2014, Cotchett anabaya kamodzi pa sabata kwa masabata 6, pa kafukufuku wa anthu 84 omva ululu pansi pa chidendene, uja woboola poponda koyamba m'mawa. Obayidwa zenizeni anaposa onamiziridwa, koma kusiyanako kunali kochepa kuposa kumene munthu amakumva pa moyo wa tsiku ndi tsiku, ndipo pafupifupi ulendo umodzi mwa atatu unasiya kuwawa kapena magazi ogwirana pansi pa khungu. Malangizo a madokotala a mafizo a ku America a mu 2014 sanavomereze njirayi pa chidendene. A mu 2023, kafukufuku atachuluka, anasintha n'kulimbikitsa kubaya akatumba a kuseri kwa mwendo ndi minofu ya kuphazi. Pa msana, malangizo awo a mu 2021 amangoti ikhoza kuganiziridwa pamodzi ndi chithandizo china, kwa kanthawi kochepa. Pa odwala sitiroko, kuuma kwa minofu kumachepa atangobayidwa, koma umboni ulipo ndi wa nthawi yaifupi.

[Singano yonamizira, yobwerera m'chogwirira chake ikadinidwa pakhungu.]

Tsopano mfundo ija tinasunga. Piritsi lonamizira n'losavuta kupanga. Singano yonamizira ndiye mutu waukulu, chifukwa munthu amene anabayidwapo amadziwa mmene zimamvekera, ndipo wobayayo amadziwa chimene wagwira m'manja. Mu 2018 Braithwaite ndi anzake ku Australia anagawa kafukufuku wa dry needling pawiri. Kumene chinsinsi cha amene wabayidwa zenizeni sichinasungike bwino, singano yeniyeni inkapambana. Kumene chinasungika bwino, kusiyana kunazimiririka. Zimenezi zimatiuza kuti mbali ina ya phindu imachokera ku chiyembekezo cha wodwala ndi kukhudzidwa ndi manja a katswiri.

Komabe pali kafukufuku mmodzi wochenjera amene sitingamunyalanyaze. Mu 2013 Mayoral ndi anzake ku Spain anatenga anthu 40 opita ku opaleshoni yoika bondo lochita kupanga, n'kubaya ena mwa iwo atapatsidwa kale mankhwala ogonetsa kapena ochititsa dzanzi, mwakuti sakanadziwa gulu lawo. Patatha mwezi umodzi obayidwa anali ndi ululu wochepa. Anthu 40 ndi ochepa, inde, koma zikusonyeza kuti si zonse zili m'mutu.

Tsono singano malo ake ali pati pobwezeretsa thupi? Ife timaiona ngati yotsegulira mpata basi. Munthu amene phewa lake linkakana kukwera chifukwa cha ululu, akabayidwa n'kupepukidwa masiku angapo, masiku amenewo ndi ochitira mafizo olimbitsa minofu imene ankaiopa kuigwiritsa ntchito. Mphamvu imabwera ndi kunyamula, singano simanga mnofu. Tsiku lobayidwa achite mafizo opepuka, kuyenda ndi kutambasula, zolemera zidikire kuwawa kuthe. Ngati pa maulendo atatu kapena anayi muyeso uja sunasunthe, kupitiriza n'kutaya nthawi, vutolo liunikidwenso. Ndipo ululu wobwera ndi kutentha thupi, kuonda kosadziwika bwino, kufooka kwa mwendo kapena kulephera kugwira mkodzo si wa singano ayi, ndi wofunika kupimidwa kuchipatala msanga.

[Chithunzi cha chifuwa: nthiti, ndi nsonga za mapapo zikuonekera pamwamba pa fupa la m'munsi mwa khosi.]

Zovuta zazing'ono n'zofala. Ku Ireland mu 2014, Brady anawerenga maulendo 7,629 a madokotala 39: pafupifupi 19 pa 100 anali ndi kavuto kakang'ono, makamaka magazi ogwirana pansi pa khungu, kutuluka timagazi ndi ululu, ndipo vuto lalikulu panalibe. Ku America mu 2020, Boyce anawerenga maulendo opitirira 20,000: pafupifupi 37 pa 100 anali ndi zazing'ono, ndipo zazikulu zinali 20, osafika limodzi pa 1,000. Kuwawa kwa pambuyo pobayidwa kumatha pa tsiku limodzi mpaka atatu. Dziwani kuti ziwerengerozi anapereka ndi obayawo eni ake, choncho zikhoza kukhala zochepera.

Omwa warfarin kapena mankhwala ena osungunula magazi, amene magazi awo sagwirana msanga, a chitetezo chofooka m'thupi ndi amayi oyembekezera, makamaka miyezi itatu yoyamba, anene asanagone pa bedi. Pakhungu pamene pali chilonda kapena mafinya, ndi pa chiwalo chotupa chifukwa cha lymphoedema, kudzikundikira kwa timadzi ta m'thupi, singano isalowe. Malamulo a amene ali wololedwa kubaya amasiyana dziko ndi dziko, ku America amasiyana ngakhale chigawo ndi chigawo, ndiye kufunsa kumene wobayayo anaphunzira si mwano.

Ngozi yoopsa kwambiri ndi pneumothorax. Nsonga ya phapo imakwera masentimita awiri kapena atatu pamwamba pa fupa la m'munsi mwa khosi, ndipo kumsana, pakati pa mafupa a mapewa, munthu woonda ali ndi mnofu wochepa kwambiri pakati pa khungu ndi phapo. Singano ikadutsa pakati pa nthiti n'kuboola kachikopa kokuta phapo, mpweya umalowa pakati pa phapo ndi nthiti, phapolo n'kuphwa. N'chifukwa chake pamenepa dokotala amatseka mipata ya pakati pa nthiti ndi zala ziwiri, n'kubaya mopendeketsa pamwamba pa nthiti yeniyeniyo ndi singano yaifupi.

Zizindikiro sizibwera nthawi yomweyo nthawi zonse, zikhoza kuyamba patatha maola angapo munthu ali kale kunyumba. Kubanika, ululu wolasa m'chifuwa kapena kuseri kwa phewa popuma, chifuwa chouma, mtima kuthamanga: mukaona izi mutabayidwa pakhosi, paphewa kapena kumsana wapamwamba, musadikire kuti kuche. Pitani kuchipatala cha zangozi, ndipo muwauze kuti munabayidwa singano, malo ake ndi nthawi yake, kuti ajambule chifuwa mwachangu.