Voyisi kwa mphwanga: kayezedwe ka madzi a Likhubula

Eee mphwanga, voyisi yako ija yofunsa mmene ungayezere madzi a Likhubula pa pulojekiti yako ndaimva, tsopano tchera khutu chifukwa bando yanga yatsala pang'ono. Madzi a Mudi aja ndi zonyansa zonse za mu Blantyre, masuweji, zotayidwa m'mafakitale, amathira mu Likhubula n'kutsetsereka mpaka mu Shire kuno ku Chikwawa, ndiye usakangotunga pamalo amodzi n'kumati basi ndamaliza ayi.

Uyambe ndi liwiro la madzi. Ponya lalanje pakati pa mtsinje, uwerenge masekondi mpaka litayenda mamita 10, ubwereze katatu, liwiro ukapezelo uchulukitse ndi 0.8 poti madzi apansi amayenda mochedwa. Masamu a Streeter ndi Phelps aja a 1925, owerengera mmene okosijeni amachepera mu mtsinje mukathiridwa zonyansa, anawapangira mtsinje wa Ohio ku America, amafuna masiku amene madzi ayenda osati makilomita, ndiye popanda liwiro palibe chako.

Nkhani yake ndi iyi, mabakiteriya akamadya zonyansa zija amamaliza okosijeni m'madzi, kwinaku mpweya ukulowanso pang'onopang'ono kuchokera pamwamba, ndiye galafu yako ya okosijeni itsika kaye kenako n'kukweranso. Pomwe nsomba zimabanika si pomwe paipi ikuthira ayi, ndi kumunsi, pamene madzi akuoneka ngati ayera kale.

Za BOD, muyeso wa okosijeni amene mabakiteriya amamaliza podya zonyansa, botolo ulidzadze mpaka kukamwa pasakhale kathovu, uliike mu cooler ndi ayezi, ku labu akalisunga mumdima masiku 5 pa madigiri 20. Ndiye apa ndi pomwe ambiri amaphonya, inenso ndinaphonya pomwepa. K wa m'buku uja, nambala yosonyeza liwiro lomwe mabakiteriya amadyera zonyansa, ndi wa madigiri 20, koma iwe ukudziwa October wa kuno mmene amaotchera. Madzi akafika madigiri 30 uchulukitse k ndi 1.047 kakhumi, zili ngati kumuchulukitsa ndi pafupifupi 1.6, ndiye kuti tizilombo tikudya mwaphuma, pomwe madziwo akungosunga okosijeni mamiligalamu 7.5 pa lita m'malo mwa 9 wa pa madigiri 20.

Upite mbandakucha, masana ndere zimatulutsa okosijeni ndiye mita yoyezera okosijeni ikunamiza kuti zonse zili bwino. Komanso ukayandikira ku Shire usalowe m'madzi aise, ng'ona sizidziwa za pulojekiti, mangirira botolo ku nsungwi yaitali. Manambala unditumizire pa WhatsApp usanawaike mu Excel.