Mawondo Akulira, Mtima Ukufuna Kuvina

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Kuno ku Ulongwe, m'dziko la Mozambique, kwacha ndi chisanu cha Juni chija choluma zala.

M'mamawa uno mdzukulu wanga anatsegula khola. Kathole kobadwa mwezi watha kanatuluka mchira uli m'mwamba, kudumpha uku, kupalasa uko, mpaka kugubuduza ndowa yanga ya madzi. Ine ndili chiimire ndi chikho m'manja, ndinangomva mapazi ayamba okha kuponda. Zaka zanga ndi 67, mawondo amalira ndikamadzuka pamphasa, koma kamtsikana kaja kankavina chimtali pabwalo mwezi ukuwala kakadali moyo m'kati muno.

Ndinakumbukira Malaki 4:2, pamene Mulungu akulonjeza kuti oopa dzina lake adzatuluka n'kumatumphatumpha ngati ana a ng'ombe ochoka m'khola. Msinkhu sanautchule.

Ambirife timadzimanga tokha. Kwaya ikaimba, ng'oma n'kugunda, phewa limafuna kugwedezeka, koma mumtima timati, "Anthu ati chiyani, ntchembere ngati ine?" Ine ndatha zaka ndikungoomba m'manja ndili pabenchi, chimwemwe nditachimanga pamfundo ya kapulana, chitenje chathu chija, ngati ndalama ya chopereka.

Koma taonani Miriamu. Eksodo 7:7 akutiuza kuti Mose anali ndi zaka 80, Aroni 83, pamene ankalankhula ndi Farao. Miriamu, mlongo wawo uja, anali kale mtsikana wodziwa kuyankha mwanzeru Mose ali khanda m'kabokosi pakati pa bango. Ndiye kuti atawoloka Nyanja Yofiira, amene anatenga lingaka, amayi onse n'kumutsata akuvina, pa Eksodo 15:20, anali gogo wa zaka zopitirira 80. Atsikana analipo ambirimbiri, koma woyambitsa anali iye. Ukapolo anaulawa nthawi yaitali kuposa iwo, choncho kukula kwa chimene Mulungu anachita tsiku limenelo ankakudziwa bwino.

Nafenso taona zambiri. Enafe tinathawa nkhondo yapachiweniweni ya kuno ana ali kumsana, kukakhala ku Dedza ndi ku Ntcheu, ku Malawi. Mtendere utasainidwa mu 1992 tinabwerera n'kupeza minda ili thengo. Lero tikukumba mbatata m'minda yomweyo. Nanga woyenera kuyamba kuvina ndani?

Ndinaika chikho pansi n'kuponda pang'ono pambali pa khola pomwepo. Mdzukulu anafuula, "Agogo, mugwatu!"

Ndinati, "Bwera undigwire dzanja, tivine tonse."