Karoti wa ku Korea: msika wa pa foni umene unakula chifukwa chokana kupita kutali

[Wolankhula wakhala pa mpando wa pulasitiki, pambali pake pali kafiriji koyera]

Muli bwanji nonse? Kafiriji mukukaonaka ndinakagula chaka chatha, koma si kamene ndinkafuna poyamba. Imene inandikopa mtima ndinaiona pa gulu lina la malonda pa foni: yaikulu, ya zitseko ziwiri, mtengo wosaboola m'thumba. Mwini wake anati ali ku Matero. Ine ndimakhala ku Chelstone. Amene mumaudziwa mzinda uno wa Lusaka mwawerengera kale: basi yoyamba mpaka m'tauni, kutsika, kupanikizana ndi anthu, kenako basi yachiwiri. Ndisananyamuke mkulu uja anati, "Bwana, tumizaniko kangachepe ndikusungireni, anthu akuifuna ambiri." Ndinatumiza K200. Nditafika pamene tinapangana, foni yake inali yozima. Ndinaima pamenepo mpaka dzuwa linapendeka, mwamuna aliyense wodutsa ndikumuyang'ana kumaso ngati ndi iyeyo.

Aka ndinakagula kwa amayi ena a mumsewu mwathu momwemo, geti lachinayi kuchokera kwathu. Tinakanyamula pa wilibala. Patatha sabata chitseko chinayamba kusatseka bwino, ndinangopita kukagogoda, mwana wawo anabwera ndi rabala ina n'kukonza.

Ku South Korea kuli kampani imene inamanga bizinesi yonse pa kusiyana kwa nkhani ziwirizi. Kwawoko amaitchula kuti Danggeun, kunja imadziwika kuti Karrot. Lero tiona kumene inachokera, mmene inakulira, ndi zimene zingachitike mutaitenga n'kuiika pakati pa Kalingalinga ndi Kabulonga.

[Mapu a South Korea, kenako aonetse Seoul ndi dera la Pangyo chakum'mwera kwake]

Chakum'mwera kwa Seoul, mumzinda wa Seongnam, kuli dera lotchedwa Pangyo. N'kumene kwadzaza makampani a zaumisiri wa makompyuta. Imodzi mwa makampaniwo ndi Kakao, eni ake a KakaoTalk, app yotumizirana mauthenga imene kwa anthu a ku Korea ili ngati mmene WhatsApp ilili kwa ife. Mkati mwa Kakao munali bolodi la pa kompyuta pamene antchito ankagulitsana zinthu zawo zakale. Malonda ake ankayenda mosavuta kwambiri, ndipo chifukwa chake n'chodziwikiratu: simungamugulitse foni yakufa munthu amene mawa mudzakumana naye pa chikepe, kapena amene mumadya naye m'kantini imodzi.

Anthu awiri amene anagwirapo ntchito ku Kakao, Kim Yong-hyun ndi Kim Jae-hyun, anaona kuti pamenepa pali nzeru. Mu 2015 anatulutsa app yotchedwa Pangyo Market, ya antchito a m'makampani a ku Pangyo okhaokha. Kuti mulowe, munkayenera kusonyeza imelo ya kuntchito kwanu.

Amene anasintha nkhani ndi anthu wamba okhala m'deralo, makamaka amayi a pakhomo. Iwo analibe imelo ya kampani, koma ndi amene anali ndi katundu weniweni: zovala zimene ana akula nazo, zidole, tinjinga, mipando, ziwiya za kukhitchini. Anayamba kufunsa kuti bwanji ife mukutitsekera kunja? Eni app anachotsa lamulo la imelo lija. M'malo mwake munthu ankalembetsa ndi nambala ya foni, ndipo GPS ya foniyo, imene imasonyeza pamene foni ili, inkatsimikiza kuti alidi m'dera limene akunena. Chaka chomwecho cha 2015 dzina linasintha kukhala Danggeun Market.

Dzinali ndi nthabwala ya m'Chikoreya. Danggeun ndi karoti, ndiwo ija yofiirira, komanso ndi chidule cha mawu otanthauza "pafupi ndi inu". N'chifukwa chake app yonse ndi ya mtundu wa karoti, ndipo uthenga ukalowa foni imafuula kuti "Danggeun!"

[Pa mapu ajambule bwalo lozungulira nyumba imodzi]

Tsopano mvetserani apa, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse. App iyi imakujambulirani bwalo la makilomita pafupifupi 6 kuzungulira dera lanu. Za kunja kwa bwalolo simuziona. Wogulitsa wa kunja kwa bwalolo simungamulembere. Mukafuna kulowa m'dera lina, nyamukani mukaime komweko ndi foni yanu kuti GPS ikuoneni.

Munthu aliyense wa malonda angakuuzeni kuti imeneyi ndi misala. Intaneti inabwera kudzachotsa malire, inu mukuwabweza? Pa nthawiyo ku Korea kunali kale Joonggonara, msika waukulu wa zinthu zakale umene unayamba mu 2003 ngati gulu la pa Naver, webusaiti yaikulu ya ku Korea. Kumeneko munthu wa ku Busan ankagula kwa munthu wa ku Seoul, kutumiza ndalama, n'kudikira phukusi. Ndipo mbiri imene inafala inali ya anthu otsegula bokosi n'kupezamo njerwa. Njerwa imeneyo ndi mlongo wake wa K200 yanga ija.

Danggeun inathetsa zambiri mwa zimenezi pongofupikitsa mtunda. Mtunda ukafupika, phukusi silifunika. Mumakumana pamaso, katundu mumamugwira ndi manja, ndalama imatuluka pambuyo. Ku Korea kunabadwa chizolowezi choseketsa: anthu awiri osadziwana ataima pa khomo la siteshoni ya sitima ya pansi pa nthaka, wina atanyamula kachikwama, akuyang'anana mwamanyazi mpaka wina afunse kuti, "Pepani, kodi ndinu a Danggeun?" Nthabwala yake imati ambiri mwa oimawo ndi amuna otumidwa ndi akazi awo, osadziwa n'komwe chimene chili m'chikwamamo. Abambo a ku Lusaka, ndikukuonani, musaseke.

[Chithunzi cha choyezera kutentha kwa thupi, chikuonetsa 36.5]

Chachiwiri chimene anachita ndimachikonda kwambiri. Ma app ambiri amapereka nyenyezi, zisanu kapena zitatu. Iwo anasankha kutentha kwa thupi. Aliyense wolowa kumene amayambira pa madigiri 36.5, kutentha kwa munthu wabwinobwino. Mukasunga nthawi, mukayankha mwaulemu, katundu akafanana ndi chithunzi, anzanu amakuyamikirani ndipo kutentha kwanu kumakwera, mpaka kukathera pa 99. Mukamanamiza anthu kapena kusafika pamene mwapangana, mumazizira. Ndiye musanalembere munthu mumayamba mwaona: uyu ndi wofunda, uyu ndi wozizira.

Kwa ife zimenezi si zachilendo. Ku komboni aliyense ali ndi kutentha kwake, kungoti sikulembedwa. Amayi a pa kantemba amadziwa amene angamupatse shuga wa ngongole ndi amene ayenera kuonetsa ndalama kaye. Akoreya anangotenga mbiri ya munthu ija n'kuiika pa galasi la foni. Chodabwitsa n'chakuti atapita ku mayiko ena, nkhani ya 36.5 anthu sanaimve bwino, ndipo anaisintha kukhala mapointi wamba.

Kukula kwake kunali kwa pang'onopang'ono poyamba, dera limodzi, kenako loyandikana nalo. Ankadziwa kuti app yotereyi ikatsegulidwa m'dera lopanda anthu okwanira imakhala ngati msika wa mabenchi opanda kanthu: munthu amasuzumira kamodzi, osabweranso. Inafika m'dziko lonse mu 2018. Kenako kunabwera COVID-19. Anthu atakhala nthawi yaitali m'nyumba anayamba kuona katundu amene sakumugwiritsa ntchito, ndipo ulendo wautali ankaupewa. Mu 2020 anthu oigwiritsa ntchito mwezi ndi mwezi anapitirira 10 miliyoni, m'dziko la anthu pafupifupi 52 miliyoni. Mu August 2021 kampaniyi inalandira madola 162 miliyoni kwa oika ndalama m'mabizinesi, otsogoleredwa ndi DST Global, ndipo inawerengedwa kuti ndi ya madola 2.7 biliyoni. Kunja inayamba ndi United Kingdom mu 2019, kenako Canada ndi United States mu 2020, Japan mu 2021.

[Wolankhula akweza chala]

Funso limene ndikudziwa kuti mwafunsa kale: nanga iwo amadya kuti? Chifukwa anthu awiri akakumana pa siteshoni n'kupatsana ndalama, kampani sidulapo kalikonse.

Kwa zaka zambiri yankho linali lakuti sankadya. Kampaniyi inkaluza chaka ndi chaka, ndipo bizinesi yake ya ku Korea inaona phindu koyamba mu 2023, patatha zaka 8. Ndalama zake pafupifupi zonse zimachokera ku kutsatsa malonda. Taganizirani mwini saluni kapena malo odyera. Kulengeza kwa dziko lonse kulibe ntchito kwa iye, akufuna anthu amene angafike pa shopu yake wapansi. Danggeun ili ndi anthu amenewo, otsimikizidwa ndi GPS kuti amagona pafupi. Bwalo lija limene linkaoneka ngati misala ndilo linasanduka katundu wogulitsa.

Anthu atazolowera kutsegula app tsiku ndi tsiku, inayamba kuchita zambiri kuposa malonda. Muli gawo lofunsana za m'dera: galu wasowa, ndani akudziwa wokonza mapaipi, chipatala chiti chatsegula Lamlungu. Muli maganyu, nyumba za lendi, magalimoto, ndi njira yawo yolipirira yotchedwa Danggeun Pay. M'nyengo yozizira anthu anayamba kuika pa mapu malo ogulitsira timabanzi totentha tooneka ngati nsomba, mmene ife tingauzirane kumene kuli vitumbuwa vabwino. Ena amafika polemba kuti, m'nyumba mwanga mwalowa mphemvu yaikulu, amene abwere kudzaipha ndimulipira. Mu 2023 anachotsa mawu akuti Market pa dzina, kutsala Danggeun basi.

[Zithunzi za Lusaka: milu ya salaula ku Soweto, mipando ya akalipentala m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata]

Tibwerere kwathu. Kugula zinthu zakale palibe amene angatiphunzitse. Salaula ndi dzina limene tonse tinakula nalo, abale athu a ku Malawi amati kaunjika. Mafoni akale ali ku Katondo Street, ndipo ambiri lero timasakasaka pa Facebook Marketplace, imene inayamba mu 2016, ndi m'magulu a WhatsApp. Makampani akunja anayesapo msika umenewu mu Africa: OLX, msika wa pa intaneti, inagulitsa mabizinesi ake a ku Nigeria, Ghana, Kenya, Tanzania ndi Uganda kwa kampani inzake ya Jiji mu 2019.

Zina zimene Danggeun imadalira tili nazo kale. SIM kadi iliyonse imalembetsedwa ndi NRC, chitupa cha unzika. Ndalama za pa foni, kaya Airtel Money kaya MoMo ya MTN, zili pa ngodya iliyonse. Ndipo GPS ingatithandize ife kuposa Akoreya, chifukwa ambiri adiresi yathu ndi "mukafika pa chigayo mukhote kumanzere, geti lakuda".

Bwalo la makilomita 6 nalonso lingachite chinthu chosangalatsa mu Lusaka. Ikani pakati pake pa Kalingalinga. Mulowa Kabulonga, mulowa Mtendere, mulowa ana a sukulu a ku yunivesite ya UNZA amene chaka chikatha amagulitsa matiresi ndi mbaula zamagetsi. Mayadi ndi komboni m'bwalo limodzi. Katundu amayenda kale njira imeneyi, kudzera mwa antchito a m'nyumba ndi alonda a pa geti, kungoti mwini sofa ndi wogula sofa sakumana.

Koma pali pamene ndikuona kuti singakwane monga ilili. Ku Korea app iyi ndi ya munthu wochotsa zimene zamuchulukira m'nyumba, ndipo ochita malonda ngati ntchito saloledwa kudzaza gawo la anthu wamba, amauzidwa kuti atsegule tsamba la bizinesi. Kuno zinthu zakale ndi nsima ya anthu. Amayi amene amatsegula belo la salaula m'mawa akufuna makasitomala a mzinda wonse, a Chawama, a Kanyama, ngakhale a ku Kafue. Mukawauza kuti aone anthu a makilomita 6 okha, mwawachepetsera msika. Komanso Seoul ndi mzinda wa nyumba zosanjikizana, anthu masauzande pa kadera kakang'ono, aliyense ndi foni yamakono ndi intaneti yosatha. Ife bandulo timaiwerengera, ndipo app yodzaza zithunzi imaimwa ngati madzi.

Ndipo tisanamizane, ngakhale ku Korea akuba sanathe. Alipo amene amanyengerera anthu kutumiza ndalama asanakumane, ndendende mkulu wanga wa ku Matero uja. Bwalo limagwira ntchito pokhapokha inu mwalolera kuyenda wapansi kukaona katunduyo.

[Wolankhula atsegula kafiriji, atulutsa botolo la madzi, atseka chitseko]

Mwamva? Chatseka bwinobwino. Amayi aja dzulo andiimitsa pa geti, akuti mwezi wamawa akugulitsanso sitovu ya gasi. Ndawauza kuti asaijambule n'komwe, ndibwera ndi wilibala.