Musanafunse munthu ndi mmodzi yemwe

Moni nonse a kalasi ya saikoloje. Ndawerenga mapulani anu a kafukufuku, ndiye m'malo molemba ndati ndingolankhula. Mukhoza kubwereza kumvera.

Ambiri mukufuna kuona ngati kugona pang'ono masana kumathandiza munthu kukumbukira zomwe wawerenga. Funso labwino ndithu. Koma musanayambe, lembani papepala zomwe mukuyembekezera kupeza, ndi momwe muyezere. Kungoti "kukumbukira" sikuyezeka ayi. Nenani kuti mupatsa munthu mawu 20 awerenge, pakatha maola atatu muwerenge omwe watchula molondola. Apo ndiye pali choyeza.

Magulu akhale awiri, ena agone atawerenga, ena akhale maso. Chonde chonde, musalole anthu asankhe okha gulu. Amene angasankhe kugona mwina ndi otopa kale, mwina ndi omwe amagona masana tsiku lililonse, ndiye simudzadziwa chomwe chasintha zotsatira. Ponyani ndalama yachitsulo m'mwamba pa munthu aliyense, mbali yomwe yagwera ndiyo imuuze gulu lake.

Apa ndichedwapo, chifukwa apa ndi pomwe timadzinamiza tokha. Ku Berlin kunali hatchi dzina lake Hans, ya bambo Wilhelm von Osten, yomwe anthu ankati imadziwa masamu. Ukaifunsa kuti 3 kuphatikiza 4, imagunda pansi ndi chiboda kasanu ndi kawiri. Katswiri wa saikoloje Oskar Pfungst anaifufuza, mu 1907 n'kulemba zomwe anapeza. Hatchiyo inkangoyang'ana wofunsayo. Ikafika pa nambala yoyenera, munthuyo ankamasuka thupi kapena kugwedeza mutu pang'ono osadziwa, iyo n'kuleka kugunda. Wofunsa akakhala kuti yankho salidziwa, Hans ankalephera. Mwaona? Nanunso mukadziwa kuti uyu ndi wa gulu logona, mudzamumwetulira, mudzamupatsa kanthawi kowonjezera, mawu omwe walakwitsa pang'ono mudzawachonga. Choncho pamapepala lembani manambala, osati mayina, ndipo wochonga akhale mnzanu wosadziwa kuti ndani ali gulu liti.

Tikafika pa manambala, musathamangire avareji. Tiyerekeze anthu asanu akumbukira mawu 6, 7, 7, 8 ndi 20. Avareji ndi 9.6, koma anayi mwa asanuwo sanafikepo n'komwe. Wa 20 uja wakokera gulu lonse m'mwamba. Sanjani manambalawo kuyambira yaing'ono, mutenge yapakati, ndi 7. Lembani zonse ziwiri, ndipo muonetse kuti manambala amwazikana bwanji.

Tsopano za p ija yomwe mumaiopa, nambala yomwe mumaiwerengera poyerekeza zotsatira za magulu awiri aja. Malire a 0.05 anatchuka kudzera mwa katswiri wa masamu Ronald Fisher m'zaka za m'ma 1920. P ikakhala pansi pa 0.05, sizikutanthauza kuti mwalondola. Zikungotanthauza kuti kugona kukanakhala kuti sikuthandiza kalikonse, kusiyana kwakukulu chonchi kukanangochitika mwamwayi kosakwana kasanu pa maulendo 100. Basi. Ndipo musamabwereze mayeso mosinthasintha mpaka p itatsika, kumeneko ndi kuphika zotsatira. Mu 2015 ofufuza ambiri anagwirizana kubwereza makafukufuku 100 a saikoloje omwe anali atasindikizidwa kale, ndipo pafupifupi 36 okha ndi omwe anatulukanso ndi p yotsika. Akatswiritu amenewo, nanga ife?

Ena mwati simugawa magulu, mungofunsa anthu maola omwe amagona n'kuyerekeza ndi magiredi awo. N'zotheka, koma mu lipoti musalembe kuti kugona ndiko kwakweza magiredi. Mwina nkhawa ndi yomwe ikuwononga zonse ziwiri, tulo ndi magiredi. Lembani kuti zikuyendera limodzi, muthere pomwepo.

Eya, ndikanaiwala. Aliyense asaine fomu yovomera musanamupatse mawu aja, ndipo mumuuze kuti akhoza kusiya nthawi iliyonse popanda kufotokoza chifukwa. Konzani mapulaniwo, munditumizirenso ndiwaone musanayambe kusaka anthu.