Makalata a omvera: mlandu watha usanamvedwe

Moni nonse kuno ku Zimbabwe, ku Mbare, Mabvuku, Epworth ndi kulikonse kumene mwatchera khutu. Makalata abwera ambiri sabata ino, koma pali imodzi yandisowetsa tulo.

Alemba ndi bambo a ku Mabvuku, mmisiri womanga nyumba. Akuti: "Ndinamangira munthu nyumba mpaka denga, osandilipira. Ndinakasuma ku High Court. Kenako ndinapita ku Dedza kumaliro a mayi anga, foni ya kuno ili chitsekere. Pobwera ndangouzidwa kuti mlandu wathetsedwa chifukwa mapepala sanaperekedwe nthawi yake. Woweruza sanandifunse ngakhale funso limodzi. Chilungamo chake n'chimenechi?"

Pepani bambo, pepani kwambiri. Maliro, thukuta lanu, kenako izi. Koma mundimvetse bwino: khoti silinanene kuti munthu uja alibe ngongole yanu. Lawona kuti mbali yanu yakhala chete. Malamulo a High Court a 2021 amaika masiku owerengeka pa pepala lililonse, ndipo wosumiridwa akaona kuti inu mwangoti zii, ali ndi ufulu wopempha kuti mlandu uchotsedwe.

Musataye mtima. Mutha kupempha khoti kuti likhululuke kuchedwako. Woweruza adzafuna chifukwa chomveka cha nthawi yonse imene inadutsa, komanso adzaona ngati mlandu wanu uli ndi mutu. Choncho sonkhanitsani chikalata cha imfa ya mayi, pasipoti yokhala ndi chidindo cha pachipata cha m'malire cha Nyamapanda, pepala la mgwirizano, ngakhale malisiti a simenti amene ali m'chikwama cha zida zanu. Ndipo fulumirani. Lamulo la Prescription Act limati ngongole wamba imafa pakatha zaka 3, ndipo mlandu ukatha usanafike pa chigamulo, zakazo zimawerengedwa ngati simunasume n'komwe. Ichi ndiye chikundiopsa ine.

Ngati loya wanu analandira ndalama n'kungokhala, a bungwe la maloya la Law Society of Zimbabwe amamva madandaulo otere. Ngati m'thumba mwauma, pitani ku Legal Aid Directorate, ofesi ya boma yothandiza pa milandu anthu osowa ndalama za loya.

Tsono ndidzudzuleko pang'ono, osati inu nokha bambo, pakuti makalata otere sakutha kubwera. Abale anga, timasiya mlandu kwa loya ngati mbuzi yomangirira pamtengo, n'kumati tidzaipeza pompo. Tikupita kumudzi, nambala osasiya. Tasintha layini, osanena. Maliro sapangana ndi munthu, n'zoona, koma m'bale mmodzi wosiyiridwa nambala ya mlandu akanatha kufunsa kuti zili pati. Mlanduwo ndi wanu, ndalamazo ndi za ana anu. Funsani loya kuti pepala lotsatira likufunika tsiku liti, mulembe pakalendala ya pakhoma.

Mayi a ku Highfield, mwati samani mwaiika m'Baibulo ndipo mukuipempherera. Pempherani ndithu mayi, koma mukangoti ameni, nyamukani! Ngati yachokera ku High Court muli ndi masiku 10 oti muyankhe, osawerengera Loweruka, Lamlungu ndi maholide. Akadutsa, chigamulo chitha kuperekedwa inu kulibe.

Agogo a ku Mufakose, za penshoni yanu tikambirana sabata yamawa, kalata yanu ndaisunga padera.

Mnyamata wa ku Dzivarasekwa, moni wako kwa amalume ku Mangochi wafika. Nyimbo wapemphayo nayi.