Mawu a m'mawa: lupanga m'dzanja la wolakwiridwa

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Mawu a lero akuchokera pa Aroma 12:19, pamene Paulo akutiletsa kudzibwezera tokha, chifukwa Ambuye anati kubwezera ndi kwawo.

Ambiri mumamudziwa Batman, ngwazi ya m'nthano zojambula za ku America, amene Bob Kane ndi Bill Finger anamuyambitsa mu 1939. Dzina lake ndi Bruce Wayne, ndipo ali mwana anaona chigawenga chikuwombera makolo ake, Thomas ndi Martha, pamsewu mumzinda wongopeka wa Gotham. Atakula anayamba kuvala ngati mleme n'kumasaka zigawenga usiku, wopanda womutuma.

Olemba sagwirizana kuti munthuyu ndi wotani. M'nthano zoyambirira ankanyamula mfuti ndi kupha, koma pasanathe zaka zambiri osindikiza anamuletsa zimenezo. Pa wailesi yakanema mu 1966, Adam West anamusewera ngati munthu wanthabwala, bwenzi la apolisi. Mu 1986 Frank Miller anamujambula ali wachikulire, wowawidwa mtima, wothyola mafupa a anthu, mpaka boma lenilenilo linamuukira. Kenako mu 1988 mdani wake Joker anamenya ndi chitsulo Jason Todd, mnyamata amene Batman ankamulera, n'kumusiya m'nyumba imene inaphulika ndi bomba. Kuyambira pamenepo owerenga akhala akufunsa chifukwa chimene Batman samuphera Joker, pamene aliyense akudziwa kuti akathawa m'ndende adzaphanso ena.

Funso limeneli ndi lolemera, ndipo sindikufuna kulipeputsa, pakuti amene amalifunsa amaganizira anthu osalakwa. Komabe ndimaona kuti kudziletsa kumeneku ndi chinthu chokhacho chimene chimamusiyanitsa ndi amene anapha makolo ake. Munthu amene ali ndi bala mumtima sangakhale mboni, woweruza ndi wopereka chilango nthawi imodzi, chifukwa mwa wakuba aliyense amaonamo nkhope ya amene anamulakwira kalekale.

Chilamulo cha Mose chinkadziwa zimenezi. Pa Numeri 35 Mulungu analamula kuti pakhale mizinda 6 yothawirako, kuti wolipsa magazi, ndiye kuti wachibale wobwezera imfa ya mbale wake, asaphe munthu msonkhano usanamve mlandu wake, ndipo mboni imodzi sinali yokwanira kuti munthu aphedwe. Mulungu sanauze wofedwa kuti ululu wake ndi wopanda pake. Anangochotsa chigamulo m'manja mwake n'kuchipereka kwa anthu amene mitima yawo sinali pamoto. Nayenso Davide, pa 1 Samueli 24, anapeza Sauli m'phanga, anthu ake akumuuza kuti tsiku lafika, koma anangodula kansonga ka mkanjo wake, ndipo ngakhale chimenecho chinamuvutitsa mumtima.

Kwathu kuno timaziona pamsika wina akakuwa kuti "wakuba!" Miyala imayamba kugwa, wina amathamangira tayala ndi petulo, ndipo ambiri mwa omenyawo sanaone n'komwe chimene chabedwa. Ndi zoona kuti anthu atopa ndi kuberedwa komanso milandu yochedwa, koma amene wawotchedwa molakwika sabweranso kudzamva kupepesa kwathu.

Tiyeni tipemphere. Atate, mukudziwa amene anatilakwira ndi zimene anatilanda. Gwirani manja athu lero pamene mkwiyo wayaka, ndipo patsani apolisi ndi oweruza a dziko lathu mtima woopa Inu. M'dzina la Yesu, Amen.