Voisi noti ya kwa azimai a Chigwirizano, Mgonero usanafike

Azimai anzanga mwaswera bwanji kumeneko, ndati ndingolankhula, zolemba maso anga akukana. Sabata likubwerali kuli Mgonero, ndiye paja 1 Akorinto 11:28 akuti munthu ayambe wadziyesa yekha asanadye mkate uja. Yekha. Osati kuyesa apongozi ake, iyayi.

Ndiye muchite chonchi. Pezani nthawi muli nokha, kaya usiku magetsi akapita ana atagona, foni muyiike patali... ee, mukatha kumvera iyi kaye. Tsegulani Masalimo 139, ndime 23 ndi 24, mupemphe Mulungu akufufuzeni, kenaka mukhale chete. Chija chibwere mumtima inu n'kufuna kuganiza zina, ndi chomwecho. Muchitchule dzina lake. Zomangoti Ambuye tikhululukireni zonse tachimwa, zimenezo timanena pagulu. Panokha nenani kuti ndinamunamizira mlamu wanga, kapena meda yomwe ndimayezera nyemba ku msika wa Soweto ndi yoperewera ndipo ndikudziwa. Mwandimva? Dzina lake. Akani uja wa pa Yoswa 7 anakwirira chovala, siliva ndi golide pansi mu tenti yake, palibe anamuona, koma anthu 36 anafa ku Ai chifukwa cha zokwiriridwazo.

Tsopano apa, apa ndiye mumvetsere, chifukwa ine pondivuta panali pomwepa. Ngati tchimolo lili ndi mwini wake, ndikutanthauza kuti pali munthu amene munamudyera kapena kumuipitsira mbiri, pemphero lokha silimaliza nkhani. Mateyu 5:23-24, siya mphatso yako paguwa, pita kaye ukagwirizane ndi m'bale wako. Zakeyu sanangolira, anati abweza kanayi. Ine sindikuti kanayi, tingathe ife? Koma bwezani. Ndipo pobweza mulankhule ndi pakamwa. Ine kale ndinali ndi ndalama ya mai wina ya chilimba, chija timasonkherana ndalama mosinthana, imene ndinaidya mwakachetechete, ndiye ndinangoitumiza pa foni osanena kanthu, ndati basi zatha. Mai aja kuimba foni, ati zikomo kwambiri amai Mulungu akudalitseni mwandikumbukira. Akuyesa mphatso! Ndinatuluka woyera mtima pa ndalama yakuba, tangoganizani. Ndinachita kukwera basi mpaka ku Chawama kukakhala pansi n'kuwauza kuti ndalama ija inali yanu kale. Ndiye musatume mwana, musatumize chabe, pitani. Ngati ndalama yonse mulibe nenani, mugwirizane muzipereka pang'onopang'ono, koma adziwe kuti ndi ya chiyani.

Ayi dikirani, ndibwerere, ena mumva molakwa. Sindikuti chilichonse mukachiulule kwa aliyense. Ngati munangomuchitira nsanje mumtima iye osadziwa, zimenezo ndi za inu ndi Mulungu, musapite kukamuuza kuti ndimakudani zaka zonsezi, mumupweteka chabe. Pali mai wina, sinditchula, si wa mpingo wathu, anamuuza bwinobwino kuti nkhani yakoyi upite nayo kwa abusa, iye ayi mzimu wandiuza, kuimirira pa umboni n'kutchula mpaka dzina la mwamuna wa mwini. Banja la eni lija linagwedezeka, ana kusukulu kusekedwa, iye ati ndapepukidwa. Wapepukidwa iwe, anzako? Ndiye pa gulupu pano musalembepo machimo anu chonde, sikirinishoti imayenda.

Zolemera, zija mwabwereza kulapa koma mukubwererakonso, kaya mowa wobisa kaya chibwenzi, pezani munthu mmodzi wokhwima wosunga pakamwa, abusa kapena amai abusa kapena mkulu wa mpingo, Yakobo 5:16 ndi imeneyo. Ndipo nambala ya foni ya chibwenzicho mufufute, musati ndingoisunga.

Mukatha zonsezi werengani 1 Yohane 1:9 mukhulupirire kuti zatha, musamakumbenso... aa batire yatsala pang'ono. Loweruka tikumana 14 awazi, 2 koloko masana, kutchalitchi kukonza, a ku Matero mubwere ndi matsache, nsalu za patebulo zili kwa ine.